Kuitana Mayina ku Chilobwe

Madalo ndi Thoko, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti ntchito yanga inali yotani kwenikweni, popeza chimene munkaona ndi nsapato zamatope pakhomo ndi chikwama chimene sindinkalola kuti muchigwire. Pakamwa sinditha kufotokoza, mukundidziwa. Kusukulu ndinali mtsikana uja wokhala kumbuyo, woti mphunzitsi akamuloza mawu amathawira m'mimba. Chimene ndinkatha ndi kulemba. Ndinali ndi kabuku kolembamo za tsiku ndi tsiku, kamene tinkati dayale, ndipo chizolowezicho sindinachisiye mpaka lero. Zimene ndilembe apa ndazitola m'timabuku timeneto. Ndasiya zambiri, ndatenga zokhazo zimene zimandibwererabe ndikakhala ndekha.

Ndirande, chaka cha chilala, 1992

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku bungwe lina lochita kafukufuku wa umoyo wa mabanja a m'tauni. Ankafuna atsikana olemba mooneka bwino. Nditamva kuti ntchitoyo ndi yogogoda pamakomo a anthu osawadziwa n'kumawafunsa za m'nyumba mwawo, ndinatsala pang'ono kubwerera pageti, koma kunyumba kunali njala ndipo ndinalowa. Bwana wathu anali bambo Muhiwa, munthu wamfupi amene poyamba anali mphunzitsi wa masamu. M'thumba la malaya awo simunkasowa choko. Tsiku loyamba anatifunsa kuti munthu wogula thumba la chimanga pamsika amadziwa bwanji kuti ndi chabwino. Mnzanga wina anati amayang'ana. Iwo anaseka n'kunena kuti woyang'ana pamwamba amagula anankafumbwe, chifukwa wogulitsa amaika chabwino pakamwa pa thumba. Wanzeru amapisa dzanja pakati, pansi ndi m'mbali, mosasankha. Anati ntchito yathu ndi imeneyo: sitingafunse Ndirande yense, koma dzanja lathu liyenera kufika paliponse m'thumbamo.

Tinkachita chonchi. Poyamba tinkayenda dera lonse, kanjira ndi kanjira, kujambula mapu ndi kulemba nambala ndi choko pachitseko chilichonse. Kenako manambala onsewo tinkawalemba patimapepala, kutipinda, kutiponya m'chitini cha mkaka, ndipo bambo Muhiwa ankagwedeza chitinicho n'kumatulutsa kamodzikamodzi maso ali kumbali. Nyumba imene yatuluka, yatuluka. Kaya pali galu wolusa, kaya ili kuseri kwa mtsinje, kaya eni ake sapezeka masana, tinkabwererabwerera mpaka tiwapeze. Kulowetsapo nyumba ya pafupi m'malo mwake chinali chinthu chimene ankachotsera munthu ntchito. Ankati mukayamba kusankha nokha mudzasankha nyumba za m'mphepete mwa msewu ndi anthu omwetulira, ndipo lipoti lidzanena kuti ku Ndirande aliyense amakhala pamsewu ndipo amangomwetulira.

Kwa ife zinali zomveka, koma kwa eni nyumba ayi. Pafupifupi aliyense ankafunsa kuti ndani watituma kwa iye, tasiyiranji oyandikana nawo. Tikayankha kuti palibe amene wawasankha, ndi maere chabe, nkhope zinkagwa kuposa poyamba. Kukanakhala kuti ndi mdani wawatchula, bwenzi akudziwa kolozera chala. Ndikukumbuka bambo wina wokalamba, wosoka nsapato, amene anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana nambala ya pachitseko chake nthawi yaitali.

“Mwana wanga, chinthu chimene chimalumpha makomo a anthu n'kulowa pakhomo limodzi popanda wochituma, ine ndikuchidziwa n'chimodzi chokha.”

Sanachitchule dzina chinthucho, koma ndinadziwa kuti akunena imfa. Anandipatsa mpando n'kuyankha mafunso onse bwinobwino, koma tsiku lotsatira podutsa ndinapeza chitsekocho chatsukidwa, madzi akudonthabe. M'kanjira konseko zitseko zinali zonyowa, chonsecho chinali chaka choti madzi ankachita kuwalimbirana pampopi.

Manyazi anga, amene ndinkayesa kuti andichotsetsa ntchito, ndi amene anandisunga. Ndinkakhala pansi, maso pafomu, mawu otsika, ndipo anthu ankandiuza zinthu zimene sakanauza munthu wowayang'ana m'maso. Ndinagwira ku Bangwe, ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni, ndipo patapita zaka anandiika kuti ndiziyang'anira gulu.

Chilobwe, njala ya 2005 itangodutsa

Apa ndi pamene tinayamba kafukufuku wa mtundu wina. M'malo mosankha mabanja atsopano nthawi iliyonse, tinasankha kamodzi kokha, n'kumabwerera kwa omwewo pakapita zaka zingapo. Bambo Muhiwa ankati kufunsa kamodzi kuli ngati kuona mwana wa eni panjira, pamene kubwerera kuli ngati kumulera. Ulendo woyamba tinkalemba mayina a onse ogona ndi kudya m'nyumbamo. Maulendo otsatira, tisanafunse china chilichonse, tinkawerenga mayinawo mokweza limodzilimodzi, ndipo pa dzina lililonse mutu wa banja unkayenera kuyankha chimodzi mwa zinthu zitatu: alipo, wasamuka, kapena wamwalira. Wosamuka tinkamutsatira kumene wapita. Womwalira tinkafunsa kuti anadwala chiyani ndipo zinachitika liti, kenako dzina lake silinkawerengedwanso. Pakati pathu tinkangoti kuitana mayina.

Zinali zaka zoti matenda aja a Edzi anali asanaleke kukolola. Nthawi zina unkafika pakhomo n'kupeza anthu ali ndi mipala ya kumaliro, iwe ukudziwa kale yankho, koma lamulo linali loti uwerengebe dzinalo ndipo yankho lichoke pakamwa pa mwini nyumba, osati m'maso mwako. Kuitana munthu wakufa pakhomo pake, masana dzuwa likuswa mtengo, abale ake ali chete, si chinthu chimene munthu amazolowera. Ndinkamva ngati wina atulukira kuseri kwa nyumba n'kuvomera.

Ku Chilobwe chitini chinatulutsa nyumba ina imene inali kumtunda kwenikweni kwa phiri la Soche, pansi pa chimwala chachikulu. Galimoto inkathera kutali. Dalaivala wathu, a Jafali, amene ankanditchula kuti amayi a choko, anati chitini chija chili ndi chidani ndi mawondo anga, ndipo iwo atsala pansi kuti azindipempherera. Nditafika pamwamba ndinapeza mayi wachitsikana, wogulitsa makala, ali ndi khanda longotuluka kumene m'chikuta. Amuna awo, amene anali mlonda kumafakitale, kunalibe. Nditafunsa dzina la khandalo anaseka, n'kunena kuti dzina palibe, akuchimuna ndi akuchikazi akukanganabe. Ndinawauza kuti fomu silola mpata wopanda kanthu. Analiyang'ana khandalo, kenako anandiyang'ana ine.

“Lembani Lusiya. Bambo ake akabwera adzapeza boma lalemba kale.”

Sitinali a boma, koma sindinawatsutse. Motero ine ndinali munthu woyamba kulemba dzina la mwanayo papepala, ndipo kuyambira tsiku limenelo dera lonse linkawatchula mayiwo kuti amake Lusiya.

Zaka zosowa mafuta, 2011 ndi 2012

Galimoto ya ofesi inkagona pamzere wa mafuta, a Jafali ali momwemo, ife n'kumayenda wapansi kapena kupanikizana m'maminibasi ochepa amene ankayenda. Mapepala ojambulirapo mafomu nawonso anasowa, moti tinkafufuta akale n'kulembanso ndi pensulo. Bambo Muhiwa anapuma ntchito nthawi imeneyo, ndipo sanakhalitse, anatisiya. Chitini chawo chinakhala pawindo la ofesi zaka zambiri, wopanda woyerekeza kuchitaya.

Nditakwera phiri ulendo umenewo, ndinapeza m'nyumba muja muli mwana wachiwiri, Marita, koma nsapato za bambo a m'nyumbamo panalibe pakhomo. Ndinaitana dzina lawo monga mwa lamulo. Amake Lusiya anayankha mosazengereza kuti wamwalira, n'kuwonjezera kuti anawadwazika okha, anawatseka maso okha, ndipo anaona bokosi likutsika. Ankanena ngati munthu wopereka umboni. Kenako ndinaitana dzina la Lusiya. Amake asanatsegule pakamwa, kuseri kwa chitseko kunamveka timawu tating'ono ngati ta mbalame.

“Ndilipo.”

Sanatuluke. Ndinangoona diso limodzi pampata wa chitseko. Amake anati mwanayu ndi wamanyazi ngati nkhono, akaona mlendo amalowa m'chigoba, koma dzina lake safuna kuti wina amuyankhire. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo, chifukwa diso lamanyazi limenelo linali langa lomwe. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse, zinkatero. Ngakhale atakula, ndikafika ankalowa m'nyumba dala, kudikira kuti ndifike pa dzina lake, n'kuvomera ali kuseri kwa chitseko, kenako n'kutuluka akuseka chamumtima kudzandipatsa moni.

Mphekesera za anamapopa, 2017

Chaka chimenecho tinasiya mapepala n'kuyamba kugwiritsa ntchito matabuleti. Bwana watsopano anali a Tiyanjane, mayi wamng'ono kwa ine, wophunzira kwambiri za chiwerengero, wolankhula mofulumira koma wachilungamo. Tabuleti inali ndi ubwino wake. Inkasunga mayina onse, inkaonetsa mapu okhala ndi kadontho koyenda nawe mpaka pakhomo la nyumba yosankhidwa, ndipo sinkalola kulumpha funso. Ukapanda kuyankha, sinkapita patsogolo. A Tiyanjane ankati zimenezi zithetsa mipata imene inkawavutitsa powerengera. Ine ndinkaiopa pang'ono, chifukwa papepala unkatha kulemba mawu m'mphepete, pamene iyi inalibe mphepete.

Mphekesera zitafika m'tauni, aliyense wonyamula chikwama ndi kachipangizo kowala ankaoneka wopopa magazi. Tinaimitsa ntchito kwa kanthawi. Titayambiranso, anyamata ena ku Chilobwe ananditsekera njira pamlatho, n'kumafunsa kuti bwanji nyumba zimene ndimalowa zimachitika maliro. Sindinathe kuwafotokozera kuti maliro amachitika paliponse, kungoti ife ndi amene timawalemba. Mawu anandithawa ngati kale. Amene anandipulumutsa ndi amake Lusiya. Anatsetsereka phiri manja ali bii ndi makala, kundigwira pamkono, n'kuwauza anyamatawo kuti uyu ndi mlamu wawo, ndipo ngati akufuna magazi apite kokaphera mbuzi. Anandikoka mpaka kumtunda, chizindikiro cha zala zawo chili pabulauzi yanga.

Tsiku limenelo, titafika kunyumba kwawo, ndinatulutsa dayale yanga kuti ndilembe. Lusiya anandifunsa motsitsa ngati zimenezonso zimapita ku ofesi. Ndinamuuza kuti ayi, izi ndi zanga ndekha, ndimalembamo zimene ndalephera kunena. Kenako anafunsa ngati munthu amafunika chilolezo kuti ayambe. Mawa lake ndinamutumizira kope latsopano kudzera mwa a Jafali. Lusiya ankanditchula kuti anti a mafunso.

Namondwe wa Freddy atadutsa, 2023

Za masiku amenewo mukuzidziwa, tinali limodzi m'nyumba muno mvula ikugwa osalekeza. Phiri la Soche linang'ambika, matope ndi miyala zinatsika pa Chilobwe. Achikulire ankati napolo wadutsa. Ulendo wathu wa kafukufuku unayamba m'nyengo yozizira, matope atauma. A Tiyanjane anatiuza kuti ulendo uno ndi wofunika kuposa onse, chifukwa ife ndi amene tinali ndi mayina a anthu a m'nyumba zimenezo tsoka lisanagwe. Ena ankawerenga mitembo imene yapezeka, koma ife tikanatha kuyamba ndi amoyo a dzana n'kufunsa kuti aliyense ali kuti.

Lamulo linali loti uyambe wafika pamalo pamene panali nyumba. A Jafali anaimitsa galimoto pamalo a masiku onse, koma tsiku limenelo sanatchule za mawondo anga. Anatsika n'kuyamba kukwera nane. Njira imene ndinaiyenda zaka zonsezo kunalibe. Kunali chigwembe chachikulu chofiira, chodzaza miyala ikuluikulu ngati minibasi, chotsika kuchokera pamwamba mpaka kumunsi. Kunalibe nkhuku, kunalibe wailesi, kunalibe mwana wolira. Tinkangomva mapazi athu ndi akhwangwala. Ndinkatsatira kadontho ka patabuleti, kakuyenda pamapu akale oonetsa madenga ndi tinjira, pamene pansi pa mapazi anga panali dothi lokhalokha. Kenako tabuleti inalira kamodzi, kusonyeza kuti ndafika pakhomo, ndipo yokha inatsegula mayina atatu a m'nyumbamo. Ndinaima pakati pa chigwembecho. Chimwala chija chimene chinkakhala kumtunda kwa nyumba ndinachiona chili kumunsi kwa pamene tinaima. A Jafali anavula chipewa.

Amake Lusiya ndinawapeza patapita masiku, kwa malume awo kumidzi ya ku Machinjiri, kumene anapita atachoka kukampu. Anali ataonda, koma anandilandira ngati kale, n'kundiyalira mphasa. Anandiuza okha, ndisanafunse. Sabata ya namondweyo Marita anadwala malungo n'kugonekedwa kuchipatala, iwo n'kukhala naye komweko. Lusiya, amene anali fomu 3, anatsala kunyumba kuti aziwerenga. Pochoka anamuuza kuti atseke chitseko ndipo asatsegulire munthu aliyense. Anabwereza mawu amenewo kawiri, akuyang'ana manja awo. Anati anayenda kulikonse kumene kunkasungidwa mitembo, anavundukula nsalu zambiri, anaona ana a anzawo, koma wawo sanamuone.

Ndinatulutsa tabuleti chifukwa ndi chimene ndinabwerera. Ndinaitana dzina lawo, anati alipo. Ndinaitana Lusiya. Nyumba ya malumewo inali ndi chitseko chotseka theka, ndipo tonse awiri tinatembenukira komweko. Sitinapangane. Kenako anandifunsa kuti mayankho aja ndi atatu omwe aja kodi. Ndinavomera. Anati alipo sanganene, chifukwa sakumuona. Wasamuka sanganene, chifukwa tidzawafunsa kuti wapita kuti.

“Chachitatucho musalembe, asisi. Bambo ake ndinawaona ndi maso angawa, n'chifukwa chake ndinakuyankhani. Uyu sindinamuone. Dzina lake munalilemba ndinu. Musakhale ndinu womuika m'manda ine ndisanamuike.”

Tabuleti sinkapita patsogolo. Dzina la Marita, amene anakhala pambali panga akusenda nzimbe, silikanatuluka mpaka nditayankha za mkulu wake. Ndinaizimitsa, tinacheza zina, ndipo ndinabwerera.

Ku ofesi ndinapeza kuti anzanga akumana ndi zomwezo m'mabanja ena. Ambiri ankangodina kuti wamwalira, mwakachetechete, mwini wake osaona, n'kupitiriza. Sindinawaweruze, ndipo mpaka lero sindiwaweruza. Ndinalowa kwa a Tiyanjane n'kufotokoza. Anandimvetsera osandidula, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anati yankho lachinayi, loti munthu sanapezeke, adzaliika ulendo wotsatira, koma ulendo uno mafunso anatsekedwa kale ndipo magulu onse agwiritsa ntchito omwewo, kusintha pakati kungasokoneze zonse. Kenako anandiuza chinthu chimene chinandilasa chifukwa chinali choona. Anati tsoka lotere limabisa kukula kwake, popeza nyumba zimene zinawonongeka kwambiri ndi zomwezo zimene zilibe woyankha, kapena woyankhayo sangathe kutchula mawuwo. Tikasiya mabanja otero, otsala m'chiwerengero adzakhala opulumuka okhaokha, ndipo lipoti lidzanena kuti phiri linapha anthu ochepa kuposa amene linapha. Anati ndi pakamwa pa thumba paja. Sindinadziwe kuti fanizo la bambo Muhiwa linawafika.

Ndinafunsa chimene chidzachitike ndikapanda kudina. Anati tsiku lotseka likafika, banja limene mafunso ake sanathe limachotsedwa m'chiwerengero cha ulendo uno, ndipo Lusiya sadzawerengedwa pakati pa amoyo kapena pakati pa akufa. Anati iwo sangadine m'malo mwanga, chifukwa lamulo limene tonse tinalumbira kulisunga ndi loti yankho lichoke pakamwa pa mwini nyumba.

“Mayi, ine ndikufuna nambala yoona, inu mukufuna yankho loona. Masiku onse zimenezi zimakhala chinthu chimodzi. Pitani nayoni tabuletiyo, mwina asintha maganizo tisanatseke.”

Ndinakhala nayo milungu ingapo. Muyenera kuti mukukumbuka kuti nthawi imeneyo ndinkaitchaja kuchipinda kwanga, osati pabalaza. M'mawa uliwonse ndikaiyatsa kuti ndiyambe ntchito ya tsikulo, inkayamba yandikumbutsa za banja losamaliza. Pagalasi pankabwera dzina la Lusiya, zaka zake, ndi mabokosi atatu opanda kanthu pansi pake. Zinali ngati mwanayo waima kuseri kwa galasilo akudikira kuti wina amuitane bwino. Chala changa chinkafika pafupi. Ndinkadziuza kuti amake sadzadziwa, kuti kudinako ndi kumuchitira chilungamo mwanayo, kuti awerengedwe pamodzi ndi anzake amene phiri linawatenga. Ndinkadziuzanso kuti mayi amene anandigwira pamkono pamlatho paja anandipempha chinthu chimodzi chokha m'zaka zonsezi.

Ndinapitanso ku Machinjiri kawiri. Sindinawakakamize, ndinkangokhala nawo. Ulendo wina anandiuza kuti malume awo akufuna kuti aike thunthu la nthochi m'manda, monga amachitira makolo munthu akapita ndi madzi osapezeka, kuti maliro athe ndipo mzimu upeze pogona. Iwo ankakana. Anati pamsika amatembenuka akaona mtsikana aliyense wa yunifolomu, ndipo anamva za munthu wina amene anapezeka wamoyo kutali, mutu utasokonekera. Anandifunsa ngati m'ntchito yanga ndinaonapo zotero. Ndinawauza zoona, kuti sindinaonepo. Anagwedeza mutu, koma sananene mawu aja.

Tsiku lotseka linafika. Ndinapereka tabuleti kwa a Tiyanjane banjalo lili losamaliza. Anayang'ana pagalasi, anandiyang'ana ine, n'kuilandira ndi manja awiri. Ulendo umenewo unali wanga womaliza, popeza mawondo anali atakana kale ndipo ndinali nditapempha kupuma.

Machinjiri, mvula yoyamba isanagwe

Kunja kutatentha, mitambo itayamba kusonkhana, Marita anandiimbira foni kuti amayi akuti ndibwere Loweruka, ndipo ndisaiwale chikwama changa cha ntchito. Ndinapita ndi a Jafali, amene anabwereka galimoto kwa mphwawo. Tinapeza anthu asonkhana, amayi a mvano akuimba motsitsa. M'nyumba munali bokosi. Malume aja anadula nthochi ya kuseri kwa nyumba yawo m'mawa womwewo, ndipo amake Lusiya anaikulunga okha m'chitenje chimene mwanayo anasiya kuchipatala tsiku limene anabwera kudzazonda mng'ono wake, chokhacho chimene chinatsala cha iye. Anandinong'oneza kuti avomera chifukwa cha mitambo. Anati sangathe kumva mvula ikugunda padenga mwana wawo ali panja.

Ndinayenda nawo mpaka kumanda. Onyamula bokosi ankayenda mosamala ngati mmene amachitira ndi munthu, ndipo nditamva dothi loyamba likugwera pamwamba pake, phokoso lake linali lomwe lija la maliro onse.

Titabwerako, anthu atasamba m'manja n'kuyamba kubalalika, amake Lusiya anandiitanira kukhonde. Anayala mphasa, anakhazika Marita pambali pawo, n'kundiuza kuti nditulutse chipangizo chija tsopano, akonzeka. Apa ndi pamene ndinafunika kulankhula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu sanandithawe. Ndinawauza kuti tabuleti ndinabweza, kafukufuku anatseka kale, ndipo chifukwa choti sindinadine, Lusiya sanalowe m'chiwerengero chilichonse. Ndinayembekezera kuti akhumudwa. Anandifunsa ngati zikutanthauza kuti sindinalembe chilichonse pa dzina lake. Ndinati sindinalembe. Anatseka maso kanthawi.

“Mayinawo mukuwadziwa pamtima. Itanani basi, monga mumachitira.”

M'chikwamamo munali dayale yanga yokha. Ndinaitsegula patsamba loyera n'kugwira cholembera. Ndinaitana dzina lawo, anati alipo. Ndinaitana Lusiya. Chitseko cha malume chinali chotsekula, m'katimo muli mdima wa masana, ndipo tinadikira, ine, amake ndi Marita, nthawi yokwanira kuti mwana wamanyazi alimbe mtima. Mphepo inagwedeza masamba a nthochi zotsala kuseri kwa nyumba. Palibe anavomera.

“Wamwalira,” anatero amake. “Lembani.”

Ndinalemba. Kenako ndinaitana Marita, ndipo anayankha yekha.

Ana anga, a Tiyanjane sanalakwe. Chiwerengero cha ulendo umenewo n'choperewera ndi munthu mmodzi amene ndikumudziwa, ndipo amene ndinamusiya kunja ndine. Ndinadina mayankho osawerengeka m'moyo wanga, onse ochokera pakamwa pa eni ake, ndipo limeneli ndinalidikira mpaka litatuluka, ngakhale linatuluka ofesi itatseka. Tsono poti kulibe lipoti limene lili ndi dzina lake, ndalilemba muno. Lusiya wa ku Chilobwe, wa nyumba ya pansi pa chimwala, wa fomu 3, wolemba dayale. Tsiku lina mukadzawerengera ana anu mutu uno, mukadzafika pa dzinali mudzaliwerenge mokweza, ndipo musadzafulumire kupita pa mzere wotsatira.